Anthu Olera Achimpanzi

Ku Zambia kulibe chimpanzi wam'tchire ngakhale mmodzi, monganso kulibe ku Malawi. Kwawo kwa nyama imeneyi ndi kunkhalango za ku Congo, Uganda ndi Cameroon, mpaka kukafika ku Guinea ndi Senegal. Kufupi ndi kuno imapezeka ku Gombe ndi m'mapiri a Mahale, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika ku Tanzania. Komabe munthu akachoka m'tauni ya Chingola n'kutsata msewu wa ku Solwezi, kenako n'kupatukira m'kamsewu kafumbi kolowera kumtsinje wa Kafue, amatulukira pamalo otchedwa Chimfunshi. Pamenepo pali achimpanzi oposa 100, ndipo pali anthu amene chakudya cha ana awo chimachokera m'kusamalira anyani akuluakulu opanda mchirawa.

Ntchitoyi pamalopo sinachite kukonzedwa. Mu 1983 David ndi Sheila Siddle anali alimi a ng'ombe basi. Tsiku lina wa gemu wina anawabweretsera kamwana ka chimpanzi kamene kanalandidwa kwa anthu ozembetsa nyama. Kanali kovulala kwambiri kukamwa, kofooka, ndipo panalibe amene ankayembekeza kuti kaona dzuwa la sabata yotsatira. Sheila anakasamalira usana ndi usiku, anakatcha Pal, ndipo kanachira. Mbiri itawanda kuti m'mbali mwa Kafue muli banja lodziwa kulera achimpanzi, aliyense wolanda kamwana kotere m'malire a Zambia ndi Zaire (lero DR Congo) ankadziwa kopita nako. Famu ya ng'ombe inasanduka mudzi wa ana amasiye.

M'zaka zotsatira malo otere anachuluka mu Africa: Tchimpounga ku Congo-Brazzaville mu 1992, Sweetwaters ku Kenya mu 1993, Tacugama ku Sierra Leone mu 1995, chilumba cha Ngamba pa nyanja ya Victoria ku Uganda mu 1998, ndi Lwiro kum'mawa kwa DR Congo mu 2002. Mu 2000 oyendetsa malowa anapanga mgwirizano wotchedwa PASA kuti azitsata malamulo ofanana a kasamalidwe. Mayina amene amamveka m'manyuzi ndi a oyambitsa malowa ndi a akatswiri a kumayunivesite. Koma amene amagwira ndowa ndi makiyi tsiku ndi tsiku ndi ana a m'madera ozungulira. Ntchitoyi saitengera kukoleji. Munthu amayamba ndi tsache ndi wilibala, kukolopa makola, kuduladula kabichi ndi mbatata, ndipo pakapita nthawi akudziwana ndi nyamazo kudzera pawaya m'pamene akuluakulu amamukhulupirira n'kumulola kugwira chitseko.

Stany Nyandwi wa ku Burundi anayenda njira yomweyo. Analembedwa ntchito ya pakhomo pamalo amene bungwe la katswiri wa achimpanzi Jane Goodall linkasungirapo ana a chimpanzi ku Bujumbura, ali munthu wosapita patali ndi sukulu. Nkhondo yapachiweniweni itafika povuta m'zaka za m'ma 1990, achimpanziwo anasamutsidwira ku Kenya, ndipo iye anapita nawo, banja lake n'kutsala m'dziko la nkhondo. Pambuyo pake anakagwira ntchito ku Uganda n'kukhala mkulu wa osamalira pa Ngamba. Anatchuka chifukwa chodziwa kumva zimene chimpanzi akunena ndi mawu, ndi nkhope, ndi ubweya, komanso chifukwa chotha kulowetsa m'gulu achimpanzi ovuta amene ena anawalephera.

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi tiyenera kudziwa mmene kamwana kamafikira pamalo otere. Chimpanzi wamkazi sapereka mwana wake ali moyo. Mlenje wofuna kamwana amayamba wawombera mayi, ndipo amphongo othamangira kudzateteza nawonso amagwera pomwepo. Oteteza nyama amawerengera kuti pa kamwana kamodzi kofika pamsika, akuluakulu okwana mwina mpaka khumi amakhala ataphedwa. Nyama ya akuluwo imagulitsidwa ngati ndiwo, kamwanako kamamangidwa chingwe m'chiuno n'kugulitsidwa kwa wofuna choseweretsa. Lipoti la bungwe la United Nations la mu 2013, lotchedwa Stolen Apes, linati anyani akuluakulu pafupifupi 3,000 amatayika chaka chilichonse chifukwa cha malonda amenewa, kuwerengera pamodzi achimpanzi, agorila, abonobo ndi aorangutani. Wogula amasangalala zaka zochepa chabe. Kanthu kaja kakafika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kamakhala ndi mphamvu zoposa za mwini nyumba, kamathyola zinthu, kamaluma ana, ndipo mapeto ake ndi unyolo pamtengo kapena kakhola kachitsulo kuseri kwa nyumba.

Choncho wosamalira salandira nyama yathanzi. Amalandira kanthu kowonda, kotupa mimba ndi njoka, kokhala ndi bala la chingwe m'chiuno, nthawi zina zipolopolo zing'onozing'ono zili m'thupi. Ena amafika akungodzigwedeza uku ndi uku osaleka, ena akudzizula ubweya, ena atangoti zii, osafuna kudya. Kwa miyezi itatu kamwanako kamabindikiritsidwa kutali ndi anzake, madokotala a nyama akukayeza chifuwa chachikulu ndi matenda ena. Koma mankhwala paokha sakwanira. M'tchire mwana wa chimpanzi amabadwa patatha miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ali m'mimba, amakakamira pamimba pa mayi ake, kenako amakwera pamsana, ndipo amayamwa ndi kugona m'chisa cha mayiyo mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Akasowa thupi lofunda loti akakamirepo, amatha kufa ngakhale mkaka ulipo.

Apa m'pamene pamalowa mlezi, ndipo m'malo ambiri ntchitoyi amagwira amuna ndi akazi omwe. Mlezi amanyamula kamwanako kulikonse: akamadya, akamachapa, akamagona. Usiku amadzuka kangapo kukonza botolo la mkaka, kusintha thewera, kutonthoza kamwana kodzidzimuka kutulo. Akangokatsitsa pansi pang'ono, kulira kwake n'kosapiririka. Amaphunzira kulankhula chichimpanzi: kubuula kwapansipansi kosonyeza kuti chakudya n'chokoma, kuwefuka kwa kuseka pamene akukagirigisha, kuphethira milomo pamene akukapesa ubweya. Amakatengera kutchire kuti kakwere mitengo, ndipo ngati kakuopa tsamba kapena chipatso chachilendo, mlezi amayamba ndi iye kutafuna. Ku Gambia, Janis Carter anakhala zaka zingapo pachilumba cha mumtsinje ndi chimpanzi wina dzina lake Lucy, amene anakulira m'nyumba ya anthu ku Oklahoma, akudya masamba ndi tizilombo pamaso pake kuti Lucy aone kuti zimenezi n'zodyedwa.

Zithunzi za mlezi atakumbatira kachimpanzi kovala thewera ndi zimene zimayenda kwambiri pa Facebook, ndipo ine ndimaona kuti zimasocheretsa. Woonera amasirira, amati nanenso ndikanakhala nako kanga, ndipo kusirira kumeneko ndi kumene kumatuma mlenje kunkhalango. Chinanso, zimabisa cholinga chenicheni cha ntchitoyi. Mlezi wabwino amagwira ntchito yoti tsiku lina asadzafunikenso. Mwana amene wagona naye chaka chathunthu ayenera kumupereka kwa achimpanzi anzake, ndipo zikayenda bwino sadzamunyamulanso moyo wake wonse. Adzangomuona kuseri kwa waya, ali mphongo yamakilogalamu 50, akumukodola ndi dzanja kuti am'kande pamsana.

Kupereka mwanayo ku gulu si kungotsekula chitseko. Achimpanzi sakonda mlendo. M'tchire amphongo amalondera malire a dera lawo ndipo amatha kupha wochokera kwina, ngakhale khanda. Ndiye wosamalira amagwira ntchito ya unkhoswe. Amayamba wasankha mmodzi wofatsa, kawirikawiri wamkazi wachikulire kapena wachinyamata wokonda kusewera, n'kumuika m'chipinda choyandikana ndi cha mlendoyo, pakati pali waya. Amakhala pamenepo masiku ambiri akuonerera: kodi akununkhizana? Akupisa zala pawaya kuti apesane, kapena akulavulirana? Zikaoneka bwino amatsekula kachitseko pang'ono, dzanja lili pachogwirira. Awiriwo akamvana amawonjezera wachitatu, kenako wachinayi, mfumu ya gulu amailowetsa pa nthawi imene aona kuti mlendo wapeza omuikira kumbuyo. Zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo kulakwitsa ndondomeko ya amene ayambe kulowa kumatha kuphetsa. Ovuta kwambiri ndi amene anakhalitsa ndi anthu. Milla, amene Jane Goodall anamubweretsa ku Chimfunshi mu 1990, anakhala zaka zambiri pamalo omwera mowa ku Arusha akusangalatsa makasitomala, atazolowera mowa ndi fodya, osaonapo chimpanzi mnzake. Wotereyu amayenera kuphunzira zonse ali wamkulu, kuyambira moni amene.

Ana ndi ochepa pa gulu lonse. Masiku ambiri a wosamalira amathera pa akuluakulu, ndipo tsiku limayamba ndi waya. Ku Chimfunshi magulu akuluakulu amakhala m'mipanda ya mahekitala makumimakumi a nkhalango ya miombo, yozunguliridwa ndi waya wamagetsi. Achimpanzi amagona kunja. Dzuwa likamalowa aliyense amakwera mumtengo, amapinda nthambi n'kuziluka kukhala chisa, ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kawirikawiri mawa lake amamanga china. Kukacha kumamveka kufuula kwawo kodziwika kuja, koyamba pansipansi n'kumakwera mpaka kukuwa, gulu lina kuyankha lili kutali. Nthawi imeneyo wina amakhala akuyenda m'mbali mwa mpanda, kuyeza ngati magetsi akuyenda, kuona ngati mphepo yagwetsera nthambi pawaya, kusenga udzu wokhudza waya wam'munsi. Nyengo ya mvula ntchito imeneyi imachuluka, poti udzu umakula msanga ndipo mitengo imagwa. Pa Ngamba mpanda waukulu ndi nyanja yomwe, chifukwa chimpanzi satha kusambira.

Kukhitchini nako kumakhala kuli yakaliyakali. Nkhalango imapereka masuku, mateme, masamba ndi chiswe pa nyengo yake, koma singadyetse gulu la nyama makumi anayi chaka chonse. Ndiye pamafunika kabichi, mbatata, nzimbe, malalanje, mango, nthochi, anyezi, chilichonse chimene nyengo yabweretsa, ndipo zambiri zimagulidwa kwa alimi apafupi. Ku Chimfunshi amaphikanso nsima n'kuiumba mibulumibulu yoti chimpanzi agwire m'dzanja. Pa Ngamba madzulo amalandira phala. Ophika, oyendetsa galimoto yokatenga zakudya, owotcherera zitsulo, osamala za magetsi ndi alonda, onsewa ndi anthu a ntchito yomweyi ngakhale ena mwa iwo sayandikira nyama.

Cha kumasana achimpanzi a ku Chimfunshi amabwera kunyumba yodyera, yomwe ili ndi zipinda zingapo zazitsulo. Mlendo amangoona phokoso ndi manja otambasuka. Kwa wosamalira iyi ndi nthawi ya kalembera ndiponso ya chipatala. Amadziwa aliyense ndi dzina, ndi nkhope, ndi mawu, ndiponso mwana wa yani. Amawerenga. Wina akasowa, funso limabuka: wadwala, wabereka, wamenyedwa, kapena wangokhuta masuku? Amayang'ana amene akutsimphina, amene akutsokomola, amene wasiya nzimbe yomwe amaikonda, wamkazi amene watupa kumbuyo kusonyeza kuti ali pa nyengo yofuna mphongo, poti tsiku limenelo amphongo sachedwa kuyambana. Pokolopa amaonanso ndowe, chifukwa matenda am'mimba amayamba kuonekera mmenemo. Chimpanzi amabisa ululu, ndipo dokotala wa nyama amadalira maso a munthu amene amamuona tsiku lililonse kuti adziwe kuti uyu lero sali bwino. Mankhwala amawabisa m'madzi otsekemera kapena m'nsima, koma ochenjera amanunkhiza n'kubweza. Mfuti ya jakisoni wogonetsa amaidziwa onse, ndipo woigwira samuiwala.

Kugawa chakudya kumene kuli ndi ndale zake. Gulu lililonse lili ndi mfumu yake yamphongo, nduna zake, akazi aulemu wawo, ndi anthu wamba, tingotero. Wamng'ono akakumana ndi wamkulu amawerama n'kutulutsa kamawu kobuula motsatizana, ndiwo moni waulemu. Tsiku limene mphongo yachinyamata yasiya kupereka moni umenewu kwa mfumu, wosamalira amadziwa kuti kukubwera nkhondo, mwina sabata ino, mwina miyezi ikudzayi. Akaponya lalanje kwa wapansi mfumu ikuona isanalandire, wam'pezetsa mavuto, chifukwa amenyedwa ndi lalanje lomwelo lilandidwa. N'chifukwa chake amawagawa m'zipinda, amphamvu kwaokha, ofooka ndi oyamwitsa kwaokha, kuti aliyense adye. Kutsekula ndi kutseka zitseko zokoka zija pa nthawi yake, uyu alowe uyo atsale, ndi luso limene limatenga zaka.

Watsopano pantchito amalakwitsa kuwerenga nkhope. Chimpanzi akaonetsa mano onse si kuti akumwetulira, ali ndi mantha. Akamasewera amatsekula kukamwa mano akumwamba atabisika. Ubweya ukaima njo, milomo atailuma, akugwedezeka uku ndi uku, ndiye kuti posachedwa athamanga akukoka nthambi, kuponya miyala ndi kumenya chitseko chachitsulo ndi mapazi. Zambiri mwa zimenezi ndi chionetsero chabe, kudzitukumula kuti onse aone. Chodabwitsa chimabwera ndewu ikatha. Amene amamenyana aja amatha kufunana, wina kutambasula dzanja, kukumbatirana, kupsompsonana, kenako n'kukhala pansi kupesana ubweya kwa nthawi yaitali. Katswiri wina, Frans de Waal, analemba za kuyanjananso kumeneku ataonerera achimpanzi ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, m'zaka za m'ma 1970. Wosamalira amafunika kudziwa ndewu yoti aileke ithe yokha ndi ndewu yoti ailetse ndi phokoso kapena ndi madzi. Akamalowerera paliponse gulu silikhazikika.

Za ngozi palibe wobisa. Nkhani zoti chimpanzi ali ndi mphamvu za amuna asanu n'zokokomeza. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti mnofu wake umaposa wa munthu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirira pang'ono. Koma onjezani mano aatali, manja anayi ogwira, liwiro, ndi nzeru. Amaluma zala, nkhope ndi kumaliseche. N'chifukwa chake wosamalira salowa mumpanda wa akuluakulu, ngakhale wa amene anawalera yekha, ndipo loko aliyense amamukoka kawiri asanachoke. Mu Epulo 2006 achimpanzi 31 anathawa ku Tacugama motsogozedwa ndi mphongo yaikulu yotchedwa Bruno, ndipo dalaivala wina anaphedwa. Ambiri anabwerera, koma Bruno sanagwidwenso. Mu 2012 ku Chimp Eden, pafupi ndi Mbombela ku South Africa, wophunzira wina wa ku America anakokedwa ndi amphongo awiri n'kuvulazidwa modetsa nkhawa. Paja amati wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, koma pantchito iyi amene wasiyiratu kuopa ndiye ali pangozi.

Chimene chimasiyanitsa ntchitoyi ndi kuweta ng'ombe n'chakuti woyang'anira nayenso akuyang'aniridwa. Achimpanzi ali ndi tsiku lonse loonerera. Amadziwa amene amafulumira potseka, amadziwa kuti mtengo wouma suyendetsa magetsi, amadziwa kutsamiritsa chipika pampanda n'kukwerapo. Milla yemwe uja anatchuka ku Chimfunshi ndi luso lothawa. Ndipo sikuti amaonerera zothawira zokha.

Mu 2010 katswiri wina wa ku Netherlands, Edwin van Leeuwen, anaona chimpanzi wamkazi wotchedwa Julie ku Chimfunshi akutenga kaudzu kouma, kukalowetsa m'khutu, n'kukasiya kakulendewera uku akuchita zina. Sikanali kokandira kapena kodyera, kanalibe ntchito iliyonse yooneka. Posapita nthawi mwana wake Jack anayamba kutero, kenako anzake oyandikana naye, mpaka asanu ndi atatu mwa achimpanzi 12 a m'gululo. Julie atamwalira ena anapitiriza. Nkhaniyi inafalitsidwa mu 2014 ndipo inazungulira dziko lonse, anthu akuti achimpanzi nawo ali ndi fashoni. Patapita zaka zoposa khumi gulu lina pamalo omwewo, losaonana ndi loyamba lija, linayambanso, motsogozedwa ndi mphongo yotchedwa Juma, ndipo ilo linawonjeza kulowetsa kaudzu kumbuyo komwe. Ofufuza atafunsafunsa anapeza kuti magulu awiriwa ankasamalidwa ndi anthu amodzimodzi, ndipo anthuwo anavomera kuti nthawi zina amatokosa m'khutu ndi kaudzu kapena kamtengo ka machesi. Osamalira magulu ena analibe chizolowezi chimenecho. N'kutheka ndithu kuti fashoni yotchuka ija inayambira pa munthu wantchito amene ankangodzikanda m'khutu podikira nthawi ya chakudya.

Chimfunshi yapereka zambiri zotere kwa akatswiri, chifukwa ili ndi magulu angapo okhala m'nkhalango imodzi, akudya zofanana, koma osasakanikirana. Ngati gulu lina lichita chinthu mosiyana ndi linzake, sunganene kuti ndi chifukwa cha mitengo kapena nyengo. Pali magulu amene popesana awiri amagwirana dzanja limodzi m'mwamba, ena chikhatho kuchikhatho, ena pamfundo ya dzanja, ndipo pali magulu amene sachita n'komwe. Kaswedwe ka mateme nako kamasiyana. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2024, achimpanzi 66 anapatsidwa bokosi lotulutsa mtedza munthu akakoka kabati, kuikamo kampira kamtengo, n'kukankha. Kwa miyezi itatu palibe anatulukira njira yake. Ataphunzitsa wamkazi mmodzi m'gulu lililonse mwa magulu awiri, ena 14 anaphunzira poonera. M'malipoti oterewa dzina la Innocent Mulenga, Mzambia amene anayendetsa Chimfunshi, limapezeka pakati pa olemba ena mwa iwo, ndipo n'zoyenera. Koma wophunzira wochokera ku Ulaya akafika koyamba satha kusiyanitsa nkhope makumi anayi zakuda bii zili mumthunzi. Amene amamuuza kuti uyo ndi wakuti, mayi ake ndi awo, anayambana ndi uje chaka chatha, ndi wosamalira. Ine ndimaona kuti mawu othokoza a kumapeto kwa lipoti ndi malipiro ochepa pa nzeru zotere.

Imfa nayo ndi gawo la ntchito. Chimpanzi amadwala pafupifupi matenda onse a munthu, ndipo chimfine wamba cha munthu chimatha kusanduka chibayo n'kupha angapo m'gulu. Wantchito amene ali ndi chifuwa sayandikira nyama, ndipo m'malo ambiri kuvala chophimba kukamwa ndi mphuno kunayamba Covid-19 isanabwere. Ikagwa imfa, mtembo uyenera kutengedwa kuti upimidwe, koma eni maliro sapereka msanga. Ku Chimfunshi wamkazi wina, Masya, ananyamula mwana wake wakufa wa miyezi 16 kupitirira tsiku lathunthu, kenako anamugoneka pansi, n'kumabwerera kudzamugwira kumaso ndi pakhosi ndi zala. Pamene mphongo ya zaka 9 yotchedwa Thomas inafa ndi matenda a m'mapapo, ambiri a m'gululo anasonkhana pamtembo ali phee, zomwe sizichitika kawirikawiri pakati pa nyama zaphokoso chonchi. Osamalira anakopa gululo ndi chakudya kuti lichoke. Ambiri anapita. Noel, wamkazi amene analera Thomas mayi ake atamwalira, anatsala, anathyola kaudzu kolimba n'kuyamba kuchotsa zotsalira m'mano a mtembowo, mwana wake wamkazi Nina akuonerera. Amene anakanyamula Thomas pambuyo pake ndi anthu amene ankamudyetsa masana aliwonse.

Anthu ambiri amafunsa chifukwa chake nyamazi sizibwezedwa kutchire. Zinayesedwapo: ku Conkouati m'dziko la Congo-Brazzaville kuyambira 1996, ndi ku Guinea mu 2008 pamene achimpanzi 12 anamasulidwa m'nkhalango ya Haut Niger. Koma pamafunika nkhalango yaikulu yotetezedwa, yopanda midzi pafupi, yosadzaza kale ndi achimpanzi am'tchire amene angaphe alendowo, ndiponso anthu owatsata kwa zaka. Chimpanzi wozolowera anthu saopa kulowa m'munda kapena m'nyumba. A ku Chimfunshi ndiye vuto lawo ndi lapadera: anachokera kumadera osiyanasiyana, mitundu yawo inasakanikirana, ndipo Zambia si kwawo. Adzafera pomwepo. Pamalo osamalidwa chimpanzi amatha kufika zaka 50, ena mpaka 60. Kamwana kolandidwa chaka chino kadzafunabe nsima yake wosamalira wa lero atapuma kale pantchito. David Siddle anamwalira mu 2006, Jane Goodall mu Okutobala 2025, ndipo ambiri mwa achimpanzi amene anadutsa m'manja mwawo akadali moyo.

N'chifukwa chake malo ambiri otere amalera akazi ndi kachipangizo koika pansi pa khungu, kofanana ndi njira ya pamkono imene amayi ambiri amaidziwa. Nkhaniyi imagawa anthu a ntchitoyi. Ena amati gulu lopanda ana limauma, akazi amasowa chochita ndipo amphongo amachuluka ukali. Ena amati mwana aliyense wobadwira mumpanda watenga malo a wamasiye amene akudikira pa unyolo kwinakwake, ndipo wawonjezera zaka 50 za ngongole. Ku Chimfunshi ana ambiri anabadwa m'zaka zoyambirira, n'chifukwa chake kuli mabanja a mibadwo ingapo amene akatswiri amawakonda, komanso n'chifukwa chake chakudya chofunika tsiku lililonse n'chochuluka chotere.

Ndalama zake zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino, makamaka a kunja, kwa alendo odzaona nyama, ndi kwa achinyamata amene amalipira kuti adzathandize ntchito kwa milungu ingapo. Apa pali chinthu chowawa pang'ono: wodzipereka wochokera ku Ulaya amalipira kuti agwire wilibala imene mwana wa m'mudzimo amaigwira kuti apeze ya sopo. Komabe popanda ndalama imeneyo malipiro sangatuluke. Ku Chimfunshi antchito amakhala pamalopo ndi mabanja awo, kutali ndi tauni, ndipo pali sukulu ya ana ndi kachipatala. Chimpanzi sadziwa Lamulungu kapena Khirisimasi, ndiye masiku opuma amachita kusinthana. Mu 2020 ndege zitaima ndipo alendo atasiya kubwera, ndalama zinaphwa koma njala ya nyama sinasinthe, ndipo m'malo angapo osamalira anabindikira pantchito kwa milungu yambiri osaona mabanja awo, kuopa kutengera matendawo kumakola.

Ku Malawi ntchito yoyandikira kwambiri ili ku Lilongwe Wildlife Centre, yomwenso ili mumgwirizano wa PASA. Kumeneko kulibe achimpanzi, koma kuli anyani ndi apusi amasiye olandidwa kwa ogulitsa m'mbali mwa misewu ndi kwa owasunga pachingwe. Ndondomeko yake ndi yomweyo: kubindikiritsa, botolo la mkaka usiku, kufunafuna mayi womulera pakati pa anyani anzake, kumanga gulu pang'onopang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti nyani ndi pusi kwawo ndi konkuno, ndiye gulu likalimba limatha kutengedwa pagalimoto n'kukamasulidwa kumalo otetezedwa monga Kasungu, osamalira n'kulitsata kwa miyezi ingapo kuti aone ngati likudzipezera lokha chakudya ndiponso ngati likudziwa kuthawa kambuku.